Mmene mungayesere mafunso a kafukufuku wa ulumali ndi thanzi musanalowe nawo m'midzi ya ku Tete

Kalembera wa mu 2017 kuno ku Mozambique anapeza kuti anthu 2.6 pa 100 aliwonse ali ndi ulumali. Chaka chotsatira anzathu a ku Malawi anawerenga awo, n'kupeza 10.4 pa 100 aliwonse mwa anthu a zaka 5 kupita m'tsogolo. Bungwe la WHO limati padziko lonse ndi pafupifupi 16 pa 100 aliwonse. Ife a ku Angónia ndi Tsangano, amene abale athu ena ali tsidya la Dedza ndi Ntcheu, tikudziwa kuti thupi la munthu silisintha chifukwa wadutsa pachipata cha ku Calómuè. Manambala akatalikirana chonchi, choyamba kuyang'ana ndi funso limene anthuwo anafunsidwa. Ku Zambia zinaonekera poyera. Kalembera wa 1990 anapeza 0.9, wa 2000 anapeza 2.7, koma kafukufuku wa mu 2006, amene anafunsa zinthu zimene munthu amavutika kuchita m'malo momufunsa ngati ndi wolumala, anapeza 8.5 pa 100 aliwonse.

Nambala ikachepa, bajeti nayo imachepa. Ndodo zoyendera, njinga za anthu a ulumali, magalasi a maso, aphunzitsi a ana osamva, thandizo la INAS (nthambi ya boma yothandiza ovutika), zonsezi zimagawidwa potengera chiwerengero. Mozambique inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali mu 2012, ndipo ndime 31 ya panganolo imalamula boma kusonkhanitsa chiwerengero choyenera. Choncho inu amene mukukonza kafukufuku, kaya ndinu wophunzira zaumoyo ku UniZambeze, wa bungwe lothandiza, kapena wa ku SDSMAS (ofesi ya zaumoyo, amayi ndi chisamaliro cha anthu ya paboma), fomu ya mafunso imene ili m'manja mwanuyo muyione monga sikelo ya ogula mbatatesi pamsika wa ku Ulónguè: isanayambe kupima katundu wa anthu, iyo iyambe yapimidwa. Nazi njira zake.

Gawo 1: Sankhani fomu mogwirizana ndi chimene mukufuna kudziwa

Musayambe ndi kupeka mafunso anuanu. Alipo mafomu amene anayesedwa kale m'mayiko ambiri, ndipo mukagwiritsa ntchito amenewo zotsatira zanu zitha kuyerekezeredwa ndi za kwina.

Ngati mukufuna kudziwa kuchuluka kwa anthu a ulumali m'dera, tengani mafunso 6 a Washington Group, gulu limene linakhazikitsidwa mu 2001 pansi pa nthambi ya United Nations yoona za chiwerengero. Amafunsa za kuona, kumva, kuyenda, kukumbukira kapena kuika maganizo pa chinthu, kudzisamalira monga kusamba ndi kuvala, ndi kulankhulana ndi ena. Funso lililonse lili ndi mayankho 4: palibe vuto, pali vuto pang'ono, pali vuto lalikulu, sindingathe n'komwe. Munthu amawerengedwa kuti ali ndi ulumali akayankha "vuto lalikulu" kapena "sindingathe n'komwe" pa funso ngakhale limodzi. Mafunsowa sayenera ana osakwana zaka 5, ndipo amaphonya mavuto ambiri a kakulidwe ka ana. Pa ana pali fomu ina imene Washington Group inakonza pamodzi ndi UNICEF, ya zaka 2 mpaka 4 ndi ya zaka 5 mpaka 17.

Ngati mukufuna kudziwa kukula kwa vuto pa moyo wa tsiku ndi tsiku, mwachitsanzo kwa odwala sitiroko kapena matenda a maganizo, pali WHODAS 2.0 ya WHO. Ilipo ya mafunso 36 ndi ya mafunso 12, imafunsa za masiku 30 apitawa, ndipo mayankho ake ndi 5. Ngati cholinga ndi kuyeza mmene thanzi la munthu lilili lero, kuti muyerekezere phindu la chithandizo china ndi chinzake, pali EQ-5D ya gulu la EuroQol. Iyo imafunsa zinthu 5: kuyenda, kudzisamalira, ntchito za masiku onse, ululu, ndi nkhawa kapena kukhumudwa. Ilinso ndi mzere wa 0 mpaka 100 pamene munthu amaloza pamene thanzi lake lili.

Lembani chiganizo chimodzi chonena chimene mukuyeza, kwa yani, m'chilankhulo chiti. Mwachitsanzo: "Mavuto a kachitidwe ka zinthu mwa akulu a zaka 18 kupita m'tsogolo olankhula Chichewa m'maboma a Angónia, Tsangano ndi Macanga." Chiganizo chimenechi ndicho malire a ntchito yanu yonse.

Gawo 2: Pemphani chilolezo msanga

EQ-5D imafuna kuti mulembetse kwa eni ake, ndipo iwo ndi amene amayendetsa ntchito yoimasulira. Kumasulira WHODAS 2.0 nako kumafuna chilolezo cha WHO. Mafunso a Washington Group ndi aulere. Kuno kwathu, ndondomeko ya kafukufuku wokhudza anthu imadutsa ku komiti ya bioética, yoona kuti kafukufuku akulemekeza ndi kuteteza anthu, imene mutu wake ndi komiti ya dziko lonse yotchedwa CNBS, kenako mumadziwitsa akuluakulu a zaumoyo a chigawo ndi a boma limene mukagwireko ntchito. Izi zimatenga miyezi, ndiye yambani makalata pamene mukukonza zina. Kumudzi, fikirani kwa amfumu ndi anyakwawa musanagogode khomo lililonse.

Gawo 3: Masulirani m'gulu, osati munthu mmodzi

Mafomu ambiri amatifika m'Chipwitikizi, atachokera ku Chingerezi. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti wofunsa aliyense amanyamula fomu ya Chipwitikizi n'kumamasulira pakamwa ali pakhomo la munthu. Ofunsa 10 ndiye kuti mafomu 10 osiyana. Zimenezi musalole. Mawu a Chichewa alembedwe, ndipo aliyense aziwerenga omwewo.

Pezani omasulira awiri amene Chichewa anayamwira, mmodzi wodziwa zaumoyo, wina wosadziwa. Aliyense amasulire payekha, akuyang'ana fomu yoyambirira ya Chingerezi pamodzi ndi ya Chipwitikizi. Kenako khalani pansi pamodzi ndi namwino kapena dokotala wolimbitsa mafupa, APE (wothandiza zaumoyo wa kumudzi), mphunzitsi wa Chinyanja, ndi anthu a ulumali eni ake. Mabungwe a anthu a ulumali monga FAMOD, ADEMO ndi ACAMO angakulozereni anthu oyenera. Werengani funso lililonse mokweza, popeza kumudzi fomuyi idzamvedwa ndi khutu, sidzawerengedwa ndi maso. Pamene mwasiyana maganizo, munthu mmodzi amene munagwirizana kale agamule, ndipo chifukwa chake chilembedwe. Mukamaliza, wina amene sanaione fomu yoyambirira abweze Chichewacho ku Chingerezi kapena Chipwitikizi. Kubweza kumeneku kumagwira zolakwa zikuluzikulu zokha. Sikungakuuzeni ngati agogo a ku Domué adzamva funsolo.

Ku Malawi EQ-5D inamasuliridwa kale m'Chichewa, ndipo ndi poyambira pabwino. Koma musaitenge ngati yatha kale. Chichewa cha ku Lilongwe chadzaza mawu obwereka ku Chingerezi pamene chathu chimabwereka ku Chipwitikizi, ndipo ambiri kuno anaphunzira kuwerenga m'Chipwitikizi. Iyenera kuyesedwanso kuno.

Mawu akuti wolumala, chilema, wopunduka, asapezeke paliponse m'mafunso kapena m'mawu oyamba. A Washington Group amanenetsa zimenezi. Munthu akamva kuti mukuwerenga olumala, wina amabisa chifukwa cha manyazi, wina amawonjezera poganiza kuti kukubwera thandizo. Mayi wokalamba amene maso ake achita ng'ala sadziona ngati wolumala, amati ndi ukalamba basi. Yambani ndi mawu ongoti: "Mafunso otsatirawa ndi okhudza zinthu zimene mwina mumavutika kuchita chifukwa cha thanzi lanu."

Gawo 4: Khalani pamphasa ndi anthu, muwafunse mmene amvera funso

Pano ndi pamene pagona ntchito yonse, ndipo ndi gawo limene magulu ambiri amalidumpha pothamangira manambala. Cholinga apa si kupeza yankho la munthu, koma kudziwa zimene zinadutsa m'mutu mwake asanayankhe.

Sankhani anthu 8 mpaka 10 paulendo woyamba, mwadala osati mwamwayi. Pakhale amayi ndi abambo, achinyamata ndi okalamba, opita kusukulu ndi osapita, a m'tauni ya Ulónguè ndi a kutali ndi msewu wa tara. Pakhale wosaona, woyendera ndodo, wa khunyu, wina amene anaduka mwendo ndi bomba lokwirira la nthawi ya nkhondo, ndi ena amene alibe vuto looneka. Werengani funso monga linalembedwera, landirani yankho, kenako funsani mofatsa: mwaganiza chiyani poyankha? Mungandibwerezere funsoli m'mawu anu? Mungandipatse chitsanzo? Tiyerekeze kucheza kotere:

"Agogo, kodi mumavutika kuyenda kapena kukwera masitepe?"

"Ee mwanawe, ndimavutika kwambiri."

"Mungandiuzeko zimene mwaganiza, agogo?"

"Mwana wanga ali ku Moatize, chaka chatha osamuona. Ndalama ya shapa ndiipeza kuti?"

Agogowa miyendo yawo ili bwinobwino, amalima ndi kutunga madzi okha. Iwo amva "kuyenda" ngati ulendo. Mukanangolemba yankho lawo, akanawerengedwa molakwika, ndipo palibe kompyuta imene ikanazindikira. Mankhwala ake ndi kulemba kuti "kuyenda ndi miyendo yanu" kapena "kuyenda pansi". Za masitepe nazo n'zovuta, chifukwa nyumba zambiri za kumudzi zilibe. Mutha kuwonjezera chitsanzo cha chitunda, koma samalani: chitunda chochokera kudimba ku Tsangano, munthu atasenza thumba, chimapumitsa ngakhale mnyamata wamphamvu. Chitsanzo chikhale chofanana kulemera kwake ndi masitepe ochepa, ndipo nacho chiyesedwe.

Ena mwa malo amene muyenera kutcherapo khutu ndi awa. "Kumva" kwathu ndi kwa khutu, komanso ndi kumvetsa nkhani, kumvera makolo ndi kumva ululu. Mukafunsa mayi ngati mwana wake amavutika kumva, akhoza kukuuzani za mwano wa mwanayo. Tchulani makutu. Funso la kuona limati "ngakhale mutavala magalasi", la kumva limati "ngakhale muli ndi kachipangizo kothandiza kumva". Kwa munthu amene sanavalepo magalasi, mbali imeneyi imasokoneza, ndipo ena amayankha moyerekeza kuti akanakhala nawo akanaona. Onani ngati kufunsa kaye "kodi mumavala magalasi?" kukuthandiza. Funso la kulankhulana limanena za chilankhulo chimene munthu amalankhula masiku onse, koma kuno ambiri adzaganiza za tsiku limene anavutika kufotokoza matenda awo m'Chipwitikizi kuchipatala. Funso la kusamba likhoza kuyankhidwa moganizira kutalika kwa chitsime kapena kusowa kwa sopo. Pa EQ-5D, yesani mawu osiyanasiyana a nkhawa ndi kukhumudwa, monga kudandaula, kuganiza kwambiri, kusweka mtima, ndipo mumve kuti anthu akulowetsamo chiyani. WHODAS 2.0 imafunsa za kuimirira kwa mphindi 30 ndi kuyenda mtunda wa kilomita imodzi. Kwa amene sayendera wotchi, pezani chitsanzo cha m'deralo chimene mwachiyeza nokha.

Koma chachikulu kuposa zonsezi ndi mawu akuti "pang'ono". Tonse tikudziwa kuti ukafunsa wodwala kuti mwadzuka bwanji, iye n'kuyankha kuti "pang'ono", ndiye kuti zinthu sizili bwino. Munthu wamkulu sadandaula pamaso pa mlendo, makamaka mlendoyo akakhala wamng'ono kwa iye. Tsono malire a Washington Group agona pakati penipeni pa "vuto pang'ono" ndi "vuto lalikulu". Abambo amene sathanso kufika kumunda akati "pang'ono" mwaulemu, atuluka m'chiwerengero. Yesani mayankhowa paokha. Jambulani mzere pansi, mbali ina ikhale "palibe vuto", ina "sindingathe n'komwe", ndipo pemphani munthu aike mwala pamene akuona kuti "pang'ono" pali, kenako "kwambiri", kenako "lalikulu". Pa mafomu a mayankho 5 ntchito imakula, chifukwa muyenera kupeza mawu atatu apakati amene anthu adzawaika mu ndondomeko yofanana. Ngati theka la anthu likusinthanitsa mawu awiri, mawuwo sakugwira ntchito.

Njira ina yothandiza ndi timankhani tachidule. Fotokozani za munthu wongopeka: "Abambo ena amayenda okha pabwalo, koma kuti afike kutchalitchi amapuma katatu panjira." Funsani kuti vuto lawo ndi lotani mwa mayankho aja. Mukaona kuti okalamba onse akuti "pang'ono" pamene achinyamata akuti "lalikulu", mwadziwa kuti magulu awiriwa akupima mosiyana, ndipo mudzakumbukira zimenezo pomasulira zotsatira.

Jambulani mawu ngati munthu walola. Madzulo a tsiku lomwelo lembani funso lililonse, zimene aliyense anamva, ndi pamene panali vuto. Konzani mawu, kenako pitani kwa anthu ena atsopano. Bwerezani mpaka ulendo umene simukupezanso vuto latsopano. Kawirikawiri pamafunika maulendo awiri kapena atatu.

Gawo 5: Phunzitsani ofunsa, kenako yesani fomu yonse

Ofunsa aphunzire kuwerenga funso mmene lilili, ndi kuwerenga mayankho onse pa funso lililonse. Asadumphe funso chifukwa aona ndi maso awo, ndipo asayankhire munthu. Amene ali panjinga ya olumala afunsidwebe za kuyenda, amene akuoneka wathanzi afunsidwebe zonse. Aphunzirenso kulankhula ndi munthuyo mwini, osati ndi womuperekeza, ndi kupeza malo apadera, chifukwa mkamwini kapena mtengwa sanganene za kuvutika kusamba apongozi ali pomwepo. Anene poyera kuti kafukufukuyu si kulembetsa thandizo. Kwa osamva, pezani womasulira chinenero cha manja, podziwa kuti ambiri a kumudzi amagwiritsa ntchito zizindikiro za pakhomo pawo, ndiye wachibale angafunikebe.

Mukatero yesani fomu yonse pa gulu lokulirapo. Lamulo limene ambiri amatsata ndi anthu 5 mpaka 10 pa funso lililonse, koma asachepere 100. Pa WHODAS ya mafunso 36 ndiye kuti anthu 180 mpaka 360. Musatenge odwala a kuchipatala okha, kapena a kumudzi okha. Mukatenga a kumudzi okha mudzapeza ochepa kwambiri a vuto lalikulu, ndipo simudzatha kuyesa mbali imeneyo. Ikani fomu pa foni kudzera mu mapulogalamu a KoboToolbox kapena ODK, amene amagwira ntchito popanda intaneti ndipo amasunga nthawi imene kucheza kwatenga.

Zotsatira zikabwera, yambani ndi zosavuta. Ndi funso liti limene ambiri sanayankhe? Ndi wofunsa uti amene anthu ake onse akuti "palibe vuto", kapena amene akumaliza mofulumira kuposa anzake? Ndi angati amene ali pamapeto penipeni pa sikelo, kutanthauza amene apeza malikisi apamwamba kapena apansi kwambiri? Akapitirira 15 pa 100 aliwonse, fomuyo siikusiyanitsa bwino anthu a mbali imeneyo. Pa EQ-5D ya mayankho atatu izi zimachitika kawirikawiri pakati pa anthu wamba, n'chifukwa chake panabwera ya mayankho 5.

Gawo 6: Bwererani kwa anthu omwewo

Fomu yodalirika imapereka yankho lofanana ngati thanzi la munthu silinasinthe. Bwererani kwa anthu osachepera 50 pakatha masiku 7 mpaka 14. Mukafulumira amakumbukira zimene anayankha, mukachedwa thanzi limasinthadi. Musanayambe, funsani ngati chilipo chasintha kuyambira tsiku lija. Amene wadwala malungo pakatipa muwerengereni padera. Theka la gululi lifunsidwe ndi wofunsa yemwe uja, theka lina ndi wina, kuti muone ngati yankho likutsatira wofunsa.

Sankhani nyengo mwanzeru. Kuyambira Novembala mpaka Epulo misewu ina ya ku Macanga ndi Chifunde imavuta, anthu amakhala kumunda, ndipo malungo amachuluka. Mukalephera kubwerera pa tsiku lake, gawo lonseli lawonongeka. Miyezi ya pambuyo pokolola ndiyo yabwino.

Powerengera, musakhutire ndi kuchuluka kwa amene ayankha mofanana. Tiyerekeze anthu 50. Anthu 38 anati alibe vuto lalikulu maulendo onse awiri, 6 anati ali nalo maulendo onse awiri, atatu anati ali nalo poyamba kenako ayi, atatu ena anati ayi poyamba kenako ali nalo. Ofanana ndi 44, kutanthauza 88 pa 100 aliwonse, nambala yosangalatsa. Koma popeza ambiri alibe vuto, pafupifupi 70 pa 100 aliwonse akanafanana mwamwayi chabe. Muyezo wotchedwa kappa umachotsa mwayiwo: 0.88 kuchotsa 0.70, kugawa ndi 1 kuchotsa 0.70, ndipo yankho lili pafupi ndi 0.6. Kappa ya 0.61 mpaka 0.80 imatengedwa kuti ndi yabwino, yopitirira apo ndi yabwino kwambiri. Ndiye chitsanzo chathuchi changofika pakhomo. Pitani kwa anthu 6 amene anasintha aja mukawafunse chifukwa. Pa mayankho otsatizana monga 4 a Washington Group gwiritsani ntchito weighted kappa, imene imaganizira kutalikirana kwa mayankho awiriwo, ndipo pa mamalikisi ophatikiza monga a WHODAS gwiritsani ntchito muyezo wina wa kufanana kwa zotsatira wotchedwa ICC, umene uyenera kufika 0.70. Mapulogalamu aulere monga R ndi jamovi amawerengera zonsezi.

Gawo 7: Onani ngati ikuyezadi chimene mukufuna

Fomu ikhoza kupereka yankho lofanana nthawi zonse koma lolakwika, monga agogo a ulendo wa ku Moatize aja, amene akanayankha chimodzimodzi kawiri konse. Choncho musanatsegule zotsatira, lembani zimene mukuyembekezera. Okalamba a zaka 60 kupita m'tsogolo akhale ndi mavuto ambiri kuposa a zaka za m'ma 20. Odwala amene akulandira chithandizo cholimbitsa mafupa akhale ndi vuto la kuyenda kuposa anzawo a kumudzi. Amene anena vuto la kuyenda pa Washington Group anenenso pa EQ-5D, pamene yankho la kuona lisagwirizane kwenikweni ndi la ululu. Kulemba kaye kumakutetezani kuti musadzapeke zifukwa pambuyo pake.

Pamene pali choyezera cha kuchipatala, chigwiritseni ntchito. Maso amayezedwa ndi tchati cha chilembo E chotembenuzidwa, chimene sichifuna kudziwa kuwerenga. Tiyerekeze kuti mwayeza anthu 100, ndipo 20 alephera mzere wa patchati wotchedwa 6/18. Ngati 12 mwa iwo ananena kuti ali ndi vuto lalikulu la kuona, funso lagwira 60 pa 100 aliwonse, chimene akatswiri amati sensitivity. Ngati 72 mwa 80 oona bwino anati alibe vuto lalikulu, ndiye 90 pa 100 aliwonse, imeneyo ndi specificity. Musayembekezere kuti zifanane ndendende. Tchati chimayeza diso, funso limayeza moyo wa munthu ndi disolo, ndipo mlimi ndi telala amene maso awo afooka mofanana sangavutike mofanana. Yesaninso kuona zimene zikuchitika mukatsitsa malire kufika pa "pang'ono", ndipo mu lipoti muonetse manambala onse awiri. Aliyense amene mwamupeza ndi vuto pa kuyezaku apatsidwe kalata yopita nayo kuchipatala. Si bwino kuyeza munthu n'kumusiya.

Za Cronbach's alpha ndinene mosabisa, chifukwa ambiri amaithamangira ngati ndiyo chiphaso. Imaonetsa ngati mafunso amene amaphatikizidwa kukhala malikisi amodzi akuyendera limodzi. Ya 0.70 kupita m'mwamba ndi yovomerezeka, ikapitirira 0.95 ndiye kuti mafunso ena akungobwerezana. Ndi yoyenera pa WHODAS 2.0. Pa mafunso 6 a Washington Group kapena 5 a EQ-5D ilibe tanthauzo lenileni, chifukwa funso lililonse likuyeza chinthu chakechake, ndipo palibe chifukwa choti wosaona akhalenso wosamva. Pa WHODAS ya mafunso 36, ngati muli ndi anthu okwanira, pemphani wodziwa masamu a kafukufuku achite factor analysis, njira yoonera mmene mafunso akugawikira m'magulu, kuti aone ngati magawo 6 amene fomuyi inagawidwa akuonekanso kuno.

Gawo 8: Yesani woyankhira mnzake

Mu kalembera, mutu wa banja ndi amene amayankhira onse a pakhomo. Yesani zimenezi pa mabanja angapo: funsani munthu mwini, kenako funsani wachibale payekha za munthu yemweyo, ndipo werengerani kappa. Zooneka ndi maso monga kuyenda zimagwirizana bwino. Zobisika monga ululu, nkhawa ndi kuiwala zimasiyana. M'mabanja athu a chikamwini, mwamuna akhoza kusadziwa bwino za apongozi ake amene sacheza nawo momasuka, ndiye onani kuti woyankhira wabwino ndi ndani. Pa ana, afunsidwe mayi kapena amene amamusamalira tsiku ndi tsiku. Fomu ikhale ndi malo olembapo amene wayankha.

Yerekezeraninso amayi ndi abambo, ophunzira ndi osaphunzira. Ngati anthu a thanzi lofanana akuyankha funso lina mosiyana chifukwa cha gulu lawo, funsolo lili ndi tsankho. "Ntchito za pakhomo" ndi chitsanzo: bambo amene saphika kapena kusinja adzati alibe vuto, ngakhale manja ake atafooka. Zikatero bwererani ku gawo 4 ndi funso limenelo.

Gawo 9: Lembani zonse, bwezerani anthu zotsatira

Sungani fomu yomaliza ndi tsiku lake, kaundula wa mawu onse amene munasintha ndi zifukwa zake, buku la ofunsa, ndi manambala onse, abwino ndi oipa omwe. Funso limene silinayende bwino mulitchule poyera kuti wobwera pambuyo panu ayambire pamenepo. Perekani makope kwa eni fomu, kwa akuluakulu a zaumoyo a chigawo, ku INE (nthambi ya boma yoona za chiwerengero), ndi ku mabungwe a anthu a ulumali amene munagwira nawo ntchito. Mayina a anthu asapezeke m'mafayilo amene mukugawa. Kumidzi kumene munacheza, itanitsani msonkhano kudzera mwa amfumu, pamalo pamene woyendera ndodo angafike, ndipo fotokozani m'Chichewa zimene mwapeza.

Mu lipoti bwerezani chiganizo cha malire chimene munalemba pa gawo 1. Fomu yoyesedwa kwa akulu olankhula Chichewa ku Angónia sinayesedwe kwa ana, ndiponso sinayesedwe kwa olankhula Chinyungwe a mumzinda wa Tete ndi ku Changara, Chisena cha ku Mutarara, kapena Chinsenga cha ku Zumbo. Kafukufuku wa chigawo chonse amafuna kuti gawo 3, 4 ndi 6 abwerezedwe pa chilankhulo chilichonse, ndipo ndalama ndi miyezi ya ntchito imeneyo zilowe m'bajeti kuyambira pachiyambi.